Hard drive ikungolemba “Loading” pa chipangizo choimbira nyimbo: ndiifomate?

Funso

Ndili ndi hard drive yaing'ono ya 2 TB, ya mtundu wosafuna chaja, momwe ndasungamo nyimbo pafupifupi 30,000. Pa laputopu imatseguka bwinobwino. Koma ndikailumikiza ku chipangizo changa choimbira nyimbo cha pabalaza, pa sikirini pamangolembedwa kuti “Loading” mpaka kalekale, ndipo nthawi zina pamabwera “No Device”. Ndikaika khutu ndimamva ikulira kuti tiki, tiki. Fulashi ya 16 GB imaimba popanda vuto. Mnzanga akuti ndingoifomata. Kodi nditero?

Bambo wina wa ku Zomba

Yankho

Musaifomate kaye, bambo. Kufomata kumafufuta zonse, ndipo malinga ndi zizindikiro zomwe mwatchulazi, n'kutheka kwambiri kuti mukafomata mupeza vuto lili pomwepo, nyimbo zitapita. Mawu akuti “Loading” amabisa ntchito zinayi zomwe chipangizo chimachita motsatizana. Choyamba chimapatsa diski magetsi kuti izungulire, kenako chimawerenga mmene diskiyo inagawidwira ndi kufomatidwira, kenako chimalowa foda ndi foda kulemba mndandanda wa nyimbo, pomaliza n'kutsegula nyimbo yoyamba. Chikakodwa pa ntchito iliyonse mwa zimenezi, sikirini imalemba mawu amodzimodziwo. Kufomata kumachiza vuto la ntchito yachiwiri yokha. Ndiye tiyenera kupeza pomwe chipangizo chanu chikuimira.

Musanayese chilichonse, koperani nyimbozo pa laputopu kapena pa diski ina. Diski yomwe yayamba kulira kuti tiki si yoti mukhale nayo yokha.

Tiyambe ndi magetsi, chifukwa kulira komwe mukumvako kukuloza kumeneko. Mkati mwa hard drive muli timbale tomwe timazungulira, kawirikawiri ka 5,400 pa mphindi m'madiski ang'onoang'ono ngati anuwa. Kuti kainjini kake kadzutse timbaleti pamene taima, kamakoka magetsi ochuluka kwa masekondi ochepa, nthawi zambiri pafupifupi 1 A, ndipo tikafika pa liwiro lake kamayamba kukoka ochepa. Tsono polowetsera USB 2.0, mwa malamulo ake, pamayenera kupereka 500 mA basi, lomwe ndi theka la 1 A, pa mphamvu ya 5 V. Pa USB 3.0, pomwe nthawi zambiri pamakhala pabuluu mkati, pamapereka 900 mA. Malaputopu ambiri amalola kupyola pamenepo, n'chifukwa chake diski yanu imadzuka bwino kumeneko. Zipangizo zoimbira nyimbo zambiri sizitero. Zinapangidwa poganizira fulashi, yomwe ilibe chozungulira chilichonse ndipo imakoka magetsi pang'ono chabe. Yang'anani pafupi ndi polowetsera kuseri kwa chipangizo chanu, kapena m'buku lake. Opanga ambiri amalembapo timalemba ting'onoting'ono kuti “5V 500mA” kapena “5V 1A”. Mukapeza 500 mA, ndiye kuti mwina wopalamula mwamupeza kale.

Zomwe zimachitika ndi izi. Diski ikuyesa kudzuka, mphamvu ikutsika pansi pa 5 V, diski ikuzima, mphamvu ikubwerera, diski ikuyesanso. Kadzanja kowerengera mkatimo kamabwerera pamalo pake nthawi iliyonse, ndiye tiki amene mukumvayo. Chipangizo chimaona diski ikubwera n'kusowa, motero chimasinthasintha pakati pa “Loading” ndi “No Device”. Kuti mutsimikize, ikani chikhatho pamwamba pa diski pamene mukuilumikiza. Diski yomwe yapeza magetsi okwanira imayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, ndipo pakatha masekondi atatu kapena asanu kunjenjemerako kumakhazikika, kosadukiza. Yosowa magetsi imati ikayamba n'kuleka, ikayamba n'kuleka, nthawi zina n'kumalira kamawu kosongoka ngati kamwana ka mbalame.

Chithandizo chotsika mtengo ndi chingwe. Gwiritsani ntchito chingwe chomwe chinabwera ndi diskiyo, chachifupi, chosapyola theka la mita, ndipo chotsani chingwe chilichonse chowonjezera utali. Zingwe zazitali kapena zamawaya opyapyala zimadya mphamvu panjira, ndipo pamene magetsi ali kale ochepa, kutaya pang'ono pokha n'kokwanira kuti diski ilephere kudzuka. Onaninso kamutu kolowa mu diski. Kamutu kotambalala kaja kamakhwepa pakapita nthawi, moti mukakagwedeza ndi chala kagetsi ka pa diski n'kuzima, chingwecho chatha ntchito. Ngati chipangizo chili ndi polowetsera pawiri, kutsogolo ndi kuseri, yesani ponse, pakuti pa zipangizo zina mphamvu yake imasiyana.

Zikakanika, gulani USB hub, kabokosi kokhala ndi malo angapo olowetsera USB, yokhala ndi adaputa yakeyake yolowetsa pakhoma, ya 5 V ndi 2 A kapena kuposa. Hub yopanda adaputa siithandiza, imangogawa magetsi ochepa omwewo. Dongosolo la kalumikizidwe ndi lofunika: yatsani hub, lumikizani diski, dikirani mpaka kunjenjemera kukhazikike, ndiyeno lumikizani hub ku chipangizo. Zipangizo zina zimadikira diski kwa masekondi ochepa chabe, ndipo ikachedwa kuyankha zimaiiwala mpaka mutaizula n'kuilowetsanso. Dziwani kuti pali zipangizo zina, makamaka mawailesi a m'galimoto, zomwe siziona kanthu kalikonse kodzera pa hub, ndipo buku lake limanena zimenezo poyera. Pamenepo anthu amagwiritsa ntchito chingwe champhanda, chamitu iwiri, mutu umodzi ku chipangizo, wina ku chaja ya foni ya 2 A. Chimagwira ntchito, koma ndili ndi chenjezo: zingwe zambiri zotchipa zimangolumikiza pamodzi mawaya a magetsi a mitu yonse iwiri, kotero chaja imakankhira magetsi m'chipangizo chanu ngakhale chitazimitsidwa. Ngati mungapeze chomwe waya wa magetsi wopita ku chipangizo anaudula, tengani chimenecho.

Koma tiki alipo wa mitundu iwiri. Ngati diski ikulira chimodzimodzi ngakhale pa laputopu, kapena mafoda akuchedwa kutseguka, kapena kukopera kukuima pa fayilo ina, vuto si magetsi, diski ikufa. Ikani pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo pa Windows. Ikalemba “Good” pabuluu, pumulani. Ikalemba “Caution” pachikasu, yang'anani mizere ya Reallocated Sectors Count, Current Pending Sector Count ndi Uncorrectable Sector Count. Imeneyi imaonetsa malo a pa timbale omwe awonongeka. Diski yotere musaifomate, musaiyendetsenso mapulogalamu okonza. Ingochotsanimo zanu mwachangu, kuyambira ndi zomwe simungazipezenso.

Tinene kuti tsopano diski ikuzungulira bwino koma “Loading” sakuchoka, kapena chipangizo chikulemba “Unsupported” kapena “No File”. Apa ndi pomwe mawu a mnzanu aja angakhale ndi nzeru. Pa laputopu tsegulani This PC, dinani diskiyo ndi batani lamanja la mausi, sankhani Properties, muone pomwe palembedwa File system, kutanthauza mtundu wa fomati ya diskiyo. Ma hard drive ambiri amabwera kuchokera kusitolo ali NTFS kapena exFAT. Fulashi ya 16 GB imabwera ili FAT32. FAT32 ndi yakale, ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chokhala ndi USB chimaiwerenga. exFAT imawerengedwa ndi zipangizo zatsopano, koma osati zonse. NTFS ndi ya mwayi. Ngakhale makina odula a ma DJ ngati Pioneer CDJ-2000NXS2 amawerenga FAT32 ndi HFS+ koma NTFS ayi. APFS ya makompyuta a Apple imakanidwa pafupifupi paliponse.

Pali njira yoyesera popanda kukhudza diski yaikuluyo. Tengani fulashi yanu ya 16 GB, sungani zomwe zilimo, muifomate ngati mmene iliri hard drive, tinene NTFS. Ikanimo nyimbo khumi, muilowetse. Ikakana pamene kale inkaimba, mwadziwa kuti chipangizo sichiwerenga NTFS. Bwerezani ndi exFAT. Mphindi khumi zokha zikuuzani zomwe chipangizo chanu chimalola, ndipo simunataye nyimbo ngakhale imodzi.

Ngati zapezeka kuti chimafuna FAT32 basi, apo ndiye mufomate, mutatsimikiza kuti nyimbo zonse zili kwina ndipo zikutseguka. Mukumana ndi chopinga chimodzi: zenera la Format la Windows silionetsa FAT32 pa diski yoposa 32 GB. Malire amenewa ndi a Windows, si a FAT32, yomwe imatha kufika 2 TB. Gwiritsani ntchito kapulogalamu kotchedwa FAT32 Format, komwe ambiri amakadziwa kuti guiformat, ndipo pa Allocation unit size musiye 32768. Pa Mac tsegulani Disk Utility, pa View sankhani Show All Devices, dinani diski yeniyeniyo osati dzina lomwe lili pansi pake, kenako Erase, Format ikhale MS-DOS FAT, Scheme ikhale Master Boot Record. Choipa cha FAT32 n'chakuti fayilo imodzi singapyole 4 GB. Pa nyimbo zimenezo sizikukukhudzani, koma mafilimu aakulu sadzalowamo.

Mawu akuti Master Boot Record amenewo asakupitirireni, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amafomata kawiri katatu osaphula kanthu. Kumayambiriro kwa diski kuli kandandanda kosonyeza magawo ake, ndipo kalipo ka mitundu iwiri, MBR (chidule cha Master Boot Record) ndi GPT. Zipangizo zambiri zakale zimadziwa MBR yokha, komanso zimangoyang'ana gawo loyamba. Diski ya GPT yomwe inafomatidwa pa Mac imakhala ndi kagawo kobisika ka 200 MB kutsogolo kotchedwa EFI, ndipo Windows nayo imaikapo kagawo kake kakang'ono. Chipangizo chimalowa m'kagawo kopanda kanthu kameneko n'kunena kuti mulibe nyimbo. Kufomata wamba sikusintha izi. Kuti muone, tsegulani Disk Management, dinani ndi batani lamanja pomwe palembedwa nambala ya diski yanu kumanzere, monga Disk 1, Properties, Volumes, muwerenge Partition style. Ikakhala GPT, tsegulani Command Prompt ngati Administrator n'kulemba malamulo awa, limodzi pa mzere uliwonse:

diskpart
list disk
select disk 1
clean
convert mbr
create partition primary

Chonde, pa select disk musangokopera nambala 1 yomwe ndalembayi. Werengani kukula kwa diski iliyonse pa mndandanda womwe list disk yaonetsa, ndipo zulani madiski ena onse a pa USB musanayambe. Lamulo la clean silifunsa kawiri, ndipo mukasankha diski yolakwika lifufuta imeneyo. Mukatha, patsani gawolo chilembo mu Disk Management n'kulifomata ndi guiformat. Yanu ya 2 TB ikwana mu MBR, yomwe malire ake ali pafupi ndi 2.2 TB. Ya 4 TB ikanataya malo otsalawo.

Ngati diski munaiika pasiwedi, kaya ya BitLocker kapena ya pulogalamu ya opanga diskiyo, chipangizo choimbira nyimbo chilibe poilembera. Chotsani pasiwediyo pa kompyuta.

Pali vuto lina lomwe limasokoneza kwambiri chifukwa limabwera pa diski yomwe dzulo inkaimba. Mukazula diski pa kompyuta osadina Eject, kapena magetsi akazima ili mkati molemba, diskiyo imatsala ndi chizindikiro chakuti sinatsekedwe bwino. Windows imatha kuitsegula ikungokuchenjezani, koma zipangizo zambiri zoimbira nyimbo zimaikana kapena kukodwa nayo. Ngati CrystalDiskInfo yanena kuti diski ili bwino, lembani izi mu Command Prompt, m'malo mwa E muike chilembo cha diski yanu:

chkdsk E: /f

Ikamaliza, ichotseni ndi Eject. Musazolowere kuzimitsa laputopu diski ikadali yolumikizidwa n'kuizula pambuyo, pakuti Windows 10 ndi 11 zili ndi Fast Startup, yomwe sizimitsa kompyuta kotheratu ndipo ingasiye diski ya NTFS ngati ikugwirabe ntchito.

Ndipo ngati diskiyi inapitako kokopetsa nyimbo kumsika kapena inalowako m'makompyuta ambiri, onetsetsani bwino mafoda anu. Akakhala ndi kamuvi kakang'ono pakona, amenewo si mafoda, ndi ma shortcut omwe vairasi inapanga itabisa mafoda enieni. Pa laputopu mukadina amatseguka, ndiye mumaganiza kuti zonse zili bwino, pamene chipangizo sichidziwa kutsatira shortcut. Sesani diski ndi antivairasi, kenako lembani izi mu Command Prompt, mutasinthanso E ndi chilembo cha diski yanu:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Mafoda enieni aonekera, ndipo ma shortcut aja muwafufute.

Tsopano nyimbo 30,000 zija. Ngakhale magetsi ali bwino ndipo mtundu wa fomati uli wolondola, chiwerengero chimenechi pachokha ndi katundu wolemera. Chipangizo chimatsegula fayilo iliyonse kuti chiwerenge dzina la woimba, chimbale ndi chithunzi, ndipo ubongo wake ndi wofooka poyerekeza ndi wa laputopu. Ulendo woyamba ungatenge theka la ola, ungatenge maola angapo. Anthu ambiri amazula pakatha mphindi zisanu, ndiye ntchito imayambiranso pachiyambi ulendo uliwonse. Kagetsi ka pa diski ndi komwe kangakuuzeni zoona. Kakamaphethira mosakhazikika, chipangizo chikuwerenga, chisiyeni, ngakhale usiku wonse, mutachotsa Auto Standby kuti chisadzizimitse pakati pa ntchito. Kakangoyaka osaphethira kwa mphindi khumi kapena kuposa, chakodwa.

Chikakodwa, yambani ndi buku la chipangizo, pa tsamba lonena za USB. Pamalembedwa malire atatu: kuchuluka kwa mafayilo onse, kuchuluka kwa mafoda, ndi kuya kwa mafoda, kutanthauza foda mkati mwa foda mkati mwa foda, komwe pa zipangizo zambiri kumathera pa 8. Zipangizo zina zikafika pa malire zimangosiya zotsalazo, ndipo mumadabwa kuti oimba ena asowa. Zina zimauma gwaa. Ngati buku likuti mafayilo 10,000, palibe kufomata komwe kungachititse chipangizocho kunyamula 30,000. Kasanjidwe kabwino ndi foda ya woimba, mkati mwake foda ya chimbale, mkatimo nyimbo. Musaunjike nyimbo zikwizikwi m'foda imodzi. Pa FAT32 foda imodzi ili ndi malo 65,536, koma dzina lalitali limadya malo angapo, kotero foda imadzaza msanga kuposa mmene mungaganizire. Chotsaninso zonse zomwe si nyimbo, monga zithunzi za paukwati, mapulogalamu ndi makalata, chifukwa chipangizo chimayendamo monsemo chikufunafuna nyimbo.

Diski yomwe inagwirako pa Mac imakhala ndi timafayilo tobisika tamayina oyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, monga ._nyimbo.mp3. Si nyimbo, koma chipangizo chimatiwerengera ngati nyimbo, chiwerengero n'kuwirikiza, ndipo chikatitsegula chimalemba “Error”. Pa Mac lamulo la dot_clean mu Terminal limatichotsa. Pa Windows onetsani mafayilo obisika, mufufuze mayina oyamba ndi ._ n'kuwafufuta.

Nthawi zina, komabe, wolakwa amakhala fayilo imodzi. Ikhoza kukhala nyimbo yomwe inadukira panjira poikopera, kapena yopanda kanthu mkati, zomwe mungazipeze polemba size:0 pofufuzira mu File Explorer. Ikhoza kukhala fayilo yotengedwa pa intaneti yomwe ili ndi dzina lothera ndi .mp3 pamene mkati ndi mtundu wina, ndipo pulogalamu ya MediaInfo imaulula zimenezo. Ikhozanso kukhala nyimbo yomwe anaimata chithunzi chachikulu kuposa nyimboyo. Ndi pulogalamu ya Mp3tag mungathe kuchotsa zithunzi zotere n'kuikamo za JPEG za 600 kwa 600, komanso kusunga zolemba za nyimbo zonse, monga dzina la woimba ndi chimbale, mu kalembedwe ka ID3v2.3, komwe zipangizo zakale zimakamva bwino kuposa ID3v2.4. Mayina okhala ndi ma emoji kapena aatali ngati chiganizo afupikitseni.

Kupeza fayilo imodzi pakati pa zikwi makumi atatu sikufuna kumvetsera iliyonse. Ngati sikirini imaonetsa chiwerengero kapena dzina la foda pamene ikuwerenga, lembani pomwe imaimira. Ikamaima pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, wolakwa ali m'foda imeneyo kapena yotsatira. Ikamaima pamalo osiyanasiyana, bwererani ku nkhani ya magetsi ndi chingwe. Ngati siionetsa kanthu, chotsani kaye zomwe munaika posachedwa. Zikakanika, gawani pakati: sunthirani theka la mafoda pa laputopu, muyese. Ikaimba, wolakwa ali m'theka lomwe mwachotsa, ikakana ali m'lomwe latsala. Gawaninso theka lolakwalo pakati. Pa nyimbo 30,000 simungapyole maulendo 15, ndipo pambuyo pa maulendo ochepa zotsalazo zikwana pa fulashi yanu ija, pomwe kuyesa kumafulumira.

Zinthu ziwiri zimaoneka pokhapokha nyimbo zitayamba kuimba. Madiski ambiri amagona akakhala mphindi zingapo osagwiritsidwa ntchito, ndipo mukaimitsa nyimbo n'kudzapitiriza, chipangizo chimalephera kudikira kuti adzuke. Pa madiski a WD, pulogalamu ya WD Drive Utilities ili ndi Sleep Timer yomwe mungaizimitse. Chachiwiri ndi malo omwe mwaika diski. Kadzanja kowerengera kamayandama pafupi kwambiri ndi timbale, moti diski ikakhala pamwamba pa sipika ya besi, kugunda kulikonse kumakaphonyetsa mzere. Nyimbo zimadumphadumpha mukakweza voliyumu, ndipo pakapita nthawi timbale timakandika. Ikani diski pa shelefu ina, pansi pake muyale kansalu kopindidwa. Onaninso pa webusaiti ya opanga chipangizo chanu ngati pali firmware yatsopano, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa chipangizocho, pakuti ena anawonjezera exFAT ndi madiski aakulu mwa njira imeneyo. Poiika onetsetsani kuti magetsi sazima panjira.

Kwa inu bambo, ndikadayamba ndi hub ya adaputa, ndi kuyesa kwa fulashi kuja tsiku lomwelo. Koma werengeraninso kukula kwenikweni kwa nyimbo zanu. MP3 ya 320 kbps imadya pafupifupi 2.4 MB pa mphindi, ndiye nyimbo 30,000 za mphindi zinayi zimakwana pafupifupi 290 GB. Zikakhala za 128 kbps ndi pafupifupi 115 GB basi. Ndiye kuti mwina mukuvutika kudzutsa diski ya 2 TB pa katundu wokwana pa fulashi ya 256 GB kapena diski ya mtundu wa SSD ya 500 GB, zomwe zilibe chozungulira ndipo siziopa besi. SSD zina zothamanga kwambiri zimakokabe magetsi opyola 500 mA, choncho hub musaitaye. Mukagula fulashi yaikulu, iyeseni ndi pulogalamu ya H2testw musanaikemo nyimbo. Zilipo zambiri zabodza zolembedwa 256 GB pamene mkati ndi zazing'ono, ndipo zimalandira mafayilo ngati zili bwino, kenako pa chipangizo n'kubweretsa “Loading” yemweyo. Hard drive ija muisunge m'kabati ili ndi nyimbo zonse, muziitulutsa pongowonjezera zatsopano.